Kulondola sitima ya Xantho mpaka pomwe inamira

Lolemba, ku Fremantle

Tchuthi andipatsa kuntchito, koma ya ndege yobwerera kumudzi palibe. M'malo mongogona m'nyumba n'kumaonera mpira wobwereza, ndaganiza zolondola sitima ina yomwe inamira kalekale kumpoto kwa Perth. Dzina lake Xantho. Inamira mu Novembala 1872, mwezi ngati womwe uno, pa doko laling'ono la Port Gregory, itasenza miyala ya mtovu. Inali sitima yoyamba yoyendera nthunzi kugwira ntchito m'madoko a kuno ku Western Australia. Ine wa ku Nkhotakota, amene ndinakula ndikuthamangira kunyanja Ilala ikangolira, nkhani ya sitima siindipitirira.

Ndayambira ku Fremantle chifukwa injini yake ili konko. Pa sitima ya pamtunda ndi theka la ola kuchokera ku Perth, kenako wapansi pang'ono mpaka pa Cliff Street pomwe pali WA Shipwrecks Museum. Nyumbayo anaimanga akaidi m'zaka za m'ma 1850 kuti boma lizisungiramo katundu. Pakhomo pali kabokosi koponyamo zomwe munthu wakwanitsa. Ine ndaponyamo madola 5 ndi nkhope ya munthu woponya 50. Alendo onse amathamangira kukaona matabwa a Batavia, chombo cha Adatchi chomwe chimatchuka kuno. Ine ndawadutsa.

Injiniyo ndi yaing'ono kuposa momwe ndinkaiganizira. Ndi yakuda bii, yogona chopingasa, masilinda awiri, ndipo ukayandikira umaona timaenje tomwe mchere unadya pachitsulo. Ndaima pamenepo mpaka bambo ena achikulire, mwa anthu ongodzipereka kuthandiza alendo aja, abwera kudzandifunsa ngati ndine makaniko. Ndati ayi, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Aseka, ati ndiye ndafika pamalo pake, chifukwa iwo ndi injiniyo onse akufunika chisamaliro.

Xantho anaikhoma ku Dumbarton, ku Scotland, m'chaka cha 1848, pa kampani ya Denny. Ndi dera lomwelo la mtsinje wa Clyde komwe anakhoma Ilala yathu patapita zaka pafupifupi 100. Poyamba inali ya magudumu awiri opalasa madzi m'mbali, ikuolotsa anthu pa Firth of Forth pafupi ndi Edinburgh. Kenako anaigulitsa ku Scarborough, kuchoka uko ku Wick. Pofika 1871 inali ndi zaka 23, ndipo inagwera m'manja mwa Robert Stewart, wogula ndi kugulitsa zitsulo zakale ku Glasgow. Munthu wa sikirapu akagula sitima timayembekeza kuti aiphwasula. Uyu ayi. Anachotsa magudumu aja, n'kuikamo injini yogwirapo kale ntchito, n'kumangirira pulopela kumbuyo, basi n'kuiika pamsika. Abale anga, inali minibasi yotopa yomwe amakaniko a pansi pa mtengo aiika injini ya galimoto ina, aipaka penti, n'kumauza ogula kuti yangofika kumene.

Koma injiniyo payokha si yachabe. Ndi ya kampani ya John Penn ya ku Greenwich, ya chaka cha 1861, mtundu womwe anaukonzera timasitima tankhondo pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea. Boma la Britain linkafuna timasitimato tambiri komanso mwachangu, ndiye anapanga mainjini ofanana, mabawuti ndi manati onse a muyezo umodzi wa Whitworth, kuti chipangizo cha injini iyi chizikwana pa iyo. Lero tikalowa m'shopu n'kugula sipeya sitiganizako, koma nthawi imeneyo zinali zachilendo. Bambo aja andionetsanso chinthu china chomwe chandisekesa mpaka ndili panja: pulopela yomwe anaikako inali yopotokera mbali ina, moti kuti sitima ipite kutsogolo, injini inkayenera kuzungulira chobwerera. Ulendo wonse kuchokera ku Scotland mpaka kuno inabwera ili pa rivesi, ikudzidya yokha m'kati.

Madzulo ndadya nsomba ndi tchipisi kudoko la asodzi. Madola 22, ndipo theka la tchipisi ndalimbirana ndi mbalame za kunyanja zopanda ulemu.

Lachiwiri, m'basi yopita ku Geraldton

Basi imanyamukira ku East Perth. Makilomita oposa 400, maola asanu ndi limodzi ndi kuimaima komwe. Palibe woitanira, palibe wogulitsa mazira pawindo, aliyense pampando wake ali zii. Tikangotuluka m'tauni dziko limangoti see, tchire lalifupi mbali zonse, kenako minda ya tirigu yosaoneka polekezera. Ino ndi nyengo yokolola, ndiye mumsewu wa Brand Highway mwadzaza malole okoka ngolo ziwiriziwiri. Ikadutsa imodzi, basi yonse imagwedezeka.

Taima pa malo ena omwetsera mafuta pakati pa tchire. Pai wa nyama madola 7, khofi madola 6. Ndagula pai yekha. Nditabwerera m'basi, mayi amene ndakhala nawo pampando, akupita kukaona chidzukulu, atulutsa fulasiki n'kunditsanulira tiyi m'chivindikiro chake osandifunsa. Ati anandiona ndikuwerenga mitengo kawiri. Manyazi ndinachita, koma tiyi ndamwa.

Njira yotalika chonchi imapatsa mpata woganiza za munthu amene anagula sitima ija. Charles Edward Broadhurst anabadwira ku Manchester, n'kubwera ku Australia, ndipo pofika m'ma 1860 anali kumpoto chakumadzulo kwa dziko lino, komwe anayamba ndi zoweta nkhosa kenako n'kulowa bizinesi ya ngale ndi zigoba zake. Anali munthu wa maganizo ambiri ndi changu chambiri. Anaona kuti zombo za matanga zimavutika ndi mphepo komanso kuphwa ndi kudzaza kwa nyanja kumpotoko, n'kuganiza kuti sitima ya nthunzi ndiyo ingamulemeretse. Ganizolo silinali loipa. Choipa chinali chomwe anagula.

Anabwera nayo kudzera pa Suez Canal, yomwe inali itangotsegulidwa mu 1869, n'kudzera cha ku Singapore komwe analemba amuna ambiri a m'zilumba za kumeneko kuti azidzamira m'madzi kutola zigoba. Mu 1872 Xantho inkayenda pakati pa Fremantle, Geraldton, misasa ya ngale ya kumpoto ndi Batavia, womwe lero ndi mzinda wa Jakarta. Inkanyamula chilichonse chomwe chapezeka: anthu, katundu wa m'masitolo, zigoba. Inanyamulanso amuna achiaborijini ochokera kundende ya pa chilumba cha Rottnest kupita nawo kumpoto kukagwira ntchito. Mbiri ya Broadhurst pa antchito ake si yabwino. Anadzatchuka ndi kusalipira anthu amene anawatenga kutali komanso kusawabweza kwawo. Ife amene tikugwira ntchito kunja ndi chiphaso chomangirira kwa bwana timaimva nkhani yotere mosavuta. Dzina la mwini sitima lili pakhoma la myuziyamu, la wopanga injini lilipo. Amene ankaponya malasha pamoto m'chipinda chotentha chija, ndi amene ankamira opanda chovala chilichonse chodzitetezera, ambiri amangotchulidwa ngati gulu.

Chakufupi ndi Greenough mayi aja andigwedeza kuti ndione mitengo. Ndi ya bulugamu, koma yogona pansi, thunthu lopindika kuloza kumpoto, masamba akukhudza udzu. Yapindika ndi mphepo ya kum'mwera yomwe imawomba kuno chaka ndi chaka. Mphepo yomweyo ndi imene Xantho inakumana nayo usiku wake womaliza.

Lachitatu, ku Geraldton

Tsiku lodikira. Ku Port Gregory n'kovuta kufika wopanda galimoto, ndipo mtengo wobwereka wandithawitsa. Mwamwayi wina wa pa gulu lathu la tchalitchi pa WhatsApp anandipatsa nambala ya achimwene ena a ku Zimbabwe amene amagwira ntchito kuno. Agogo awo anachokera ku Dedza kupita kumigodi, ndipo Chichewa chawo n'cha agogowo, chosakanikirana ndi Chishona, koma tikumvana bwinobwino. Sitinaonanepo. Nditawafotokozera pafoni, angoti, "Achimwene, galimoto ya akazi anga ingokhala. Mudzaitenge madzulo ndikaweruka, mungothiramo petulo."

Ndiye tsiku lonse ndangozungulira. Ndakhala pa benchi kuyang'ana doko: nkhokwe zazitali za tirigu, sitima zikuluzikulu zitaima patali pamzere kudikira malo, zina za tirigu zina za miyala ya chitsulo. Xantho yonse ikanakwana pakona pa imodzi mwa izo. Chipinda chomwe ndagona n'cha anthu anayi, madola 45, ndipo mnyamata wina wa ku Germany wa bedi la pamwamba amaliza mkonono modetsa nkhawa. Ndatopa kale ulendo usanafike pakati.

Lachinayi, Northampton mpaka Port Gregory

Achimwene andilangiza zinthu zitatu: madzi akumwa ochuluka, osayendetsa dzuwa likamalowa chifukwa cha makangaruu, ndiponso kaneti kovala kumaso. Ka netiko ndinaseka. Pofika masana ndinali nditasiya kuseka. Ntchentche za kuno sizitsata chakudya, zimatsata maso, mphuno ndi pakamwa pa munthu, ndipo ukazithamangitsa zimangosamukira kumsana kudikira.

Northampton ili pa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Geraldton. Ndi tauni ya nyumba za miyala yomwe inakula ndi migodi ya mtovu ndi mkuwa. Mayi wogulitsa buledi andiuza za namondwe wa Seroja amene anasasula madenga kuno mu Epulo 2021, n'kundionetsa pafoni chithunzi cha shedi yawo itagwera pa thirakitala. Atamva komwe ndikupita, andiwonjezera bani imodzi yaulere.

Kuchoka apo msewu umakhotera kunyanja, ndipo netiweki imayamba kubwera n'kumapita. Apa mantha anandigwira pang'ono. Galimoto ya eni, msewu wopanda munthu, ndipo m'mbali muli makangaruu ogundidwa atauma. Ndinazimitsa wailesi kuti ndizimva injini.

Ndisanafike kudoko ndaima pa Lynton. Pali mabwinja a miyala yoyera m'mbali mwa msewu, pomwe mu 1853 boma linatsegula malo osungirako akaidi ochokera ku Britain kuti eni migodi ndi mafamu azidzawabwereka ngati antchito. Sipanakhalitse, patangopita zaka zochepa anatseka, anthu akudwala chifukwa chosowa ndiwo zamasamba ndi madzi abwino. Ndalowa m'kachipinda kamodzi ka ndende. Nditatambasula manja, zala zatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Ambiri mwa akaidiwa ankawafunira mgodi wa Geraldine, womwe uli kumpoto, pa mtsinje wa Murchison. Mtovu kumeneko unapezeka mu 1848, chaka chomwe Xantho inkakhomedwa ku Scotland, ndipo miyala yake inkabwera pa ngolo mtunda wautali wa mchenga kudzakwera zombo pa Port Gregory.

Nyanja ya pinki ya Hutt Lagoon ndaiona pawindo. Magalimoto ambiri aima, anthu akujambulana. Mtunduwo umachokera ku ndere zina zokonda mchere. Ndapitirira.

Port Gregory ndi kamudzi: misewu yowerengeka, sitolo imodzi, malo oimika makalavani, ndi jeti ya matabwa yolowa m'madzi. Kutsogolo kuli mzere wautali wa matanthwe womwe umatchinga mafunde, ndiye m'kati madzi ndi obiriwira, kunja kukuchita thovu loyera. Pa jeti ndapeza bambo wina wa ndevu zoyera akukonza chingwe cha mbedza, m'mbale mwake muli tinsomba ta nyambo todulidwa pakati. Kale ankagwira nkhanu zikuluzikulu zija amagulitsa kunja. Nditatchula Xantho sanadabwe. Aloza ndi mpeni kumpoto kwa jeti, cha komwe madzi asintha mtundu, ati ili pompo, ndipo asodzi a pano ankaidziwa kalekale anthu a ku myuziyamu asanabwere.

Ndakhala pansi pambali pawo n'kulumikiza zomwe ndinamva ku Fremantle ndi zomwe maso akuona. Pakati pa Novembala 1872 sitima inafika pano kuchokera kumpoto, n'kukweza miyala ya mtovu pamwamba pa katundu yemwe inali naye kale. Mtovu ndi katundu wonyenga: mulu waung'ono, kulemera koopsa. Inanyamuka kulowera kum'mwera, molimbana ndi mphepo ndi mafunde. Zitsulo za thunthu lake zinali zitadyeka ndi dzimbiri la zaka 24, matabwa a pamwamba atang'ambika ndi dzuwa la kumpoto, ndipo katundu anali wopyola muyezo. Usiku madzi anayamba kulowa chakutsogolo. Apa ndi pomwe zinavuta zedi: mapampu anali kumbuyo. Mutu wa sitima ukamalemera ndi madzi, kumbuyo kumakwera, ndiye mapampu amangopopa mphepo pomwe madzi akudzaza mbali ina. Anatembenuka kubwerera kudoko, ndipo atalowa anakakhala pa mchenga, sitima n'kumira pang'onopang'ono. Palibe anafa. Kuno inali isanathe ndi chaka chomwe.

N'chifukwa chake pano palibe chipilala cha chikumbutso ngati chikwangwani cha sitima ya Vipya chija cha pa Mangochi, chokumbukira anthu 145 amene anamira pa nyanja ya Malawi mu 1946. Apa panamira chuma cha munthu mmodzi ndi ntchito za anthu ambiri.

Ndagona m'kanyumba ka pa malo a makalavani. Mphepo ikugwedeza malata usiku wonse.

Lachisanu, ku Port Gregory

Bambo a pa jeti aja dzulo anati mphepo ikagwa anditengera pa kabwato kawo tikaime pamwamba pa sitimayo. Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Kusambira kwanga n'kwa m'mphepete, ndipo nyanja ino ili ndi mashaki. M'mawa ndadzuka mwera uli pa liwiro, mchenga ukuluma miyendo. Bambowo angopukusa mutu, ati lero ayi. Ndayesetsa kuoneka wokhumudwa.

M'malo mwake andiitanira tiyi m'kalavani yawo, ndi tositi yopaka Vegemite yomwe ndaimeza mwaulemu. Akazi awo ndiwo akukumbukira bwino nthawi yomwe injini inkavuulidwa, chifukwa mudzi wonse unapita kukaonerera.

Anthu okonda zofufuza zombo zomira anaifika sitimayi mu 1979, asodzi atawalozera. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankalimbikira zombo zamatabwa za Adatchi. Sitima yachitsulo ya katundu sinkaoneka ngati kanthu. Koma a ku Western Australian Museum, motsogozedwa ndi Michael McCarthy, atayeza zitsulozo anapeza kuti thunthu likutha koma injini ikadali yolimba. Anayamba kuiteteza ili pansi pomwepo, poimangirira zitsulo zina zoti dzimbiri lizidya izo m'malo mwa injini. Mu 1985 anaidula kuichotsa pa thunthu n'kuikweza ndi matumba a mpweya, itakhala m'madzi zaka zoposa 110. Kenako zaka zambirimbiri m'thanki la mankhwala kuchotsa mchere, kugogoda chikhungwa cha miyala chomwe chinaikuta, kumasula bawuti imodziimodzi, n'kumanganso. Mu 2006 anaipukusa ndi manja, ndipo inazungulira.

Ndikawerengera, anthu a ku myuziyamu anaisamalira injiniyi zaka zoposa 20, pomwe mwini wake anaigwiritsa ntchito chaka chimodzi chokha n'kuimiza. Ine ndikuona kuti Broadhurst anapusitsidwa ku Glasgow, koma anadzipusitsanso yekha pano. Injini yankhondo imeneyi anaikonzera maulendo afupiafupi, inkadya malasha kwambiri, ndipo nthawi imeneyo malasha a ku Collie anali asanayambe kukumbidwa, ndiye ankachokera kutali pa mtengo wokwera. Sitima yodya chonchi imakakamiza mwini wake kukweza katundu aliyense amene wamuona, ngakhale thunthu likulira.

Mayi aja awonjezera kuti kumpoto, m'dera la Pilbara, kuli zithunzi zogoba pamiyala zomwe anajambula Aaborijini, ndipo chimodzi chikuonetsa sitima ya chumuni yomwe akatswiri ena amati ndi Xantho. Kumeneko n'kutali, galimoto ya eni singafikeko.

Masana ndanyamuka kuti dzuwa lisandilowere panjira. Ku mgodi wa Geraldine ndi chumuni chake cha Warribanno sindinapite. Msewu wake ndi wafumbi, ndipo matayala si anga.

Loweruka, ku Geraldton

Galimoto ndabweza yodzaza petulo, madola 60, ndipo ndaitsuka chifukwa kutsogolo kunali manda a tizilombo. Alamu aphika nsima, iwo akuti sadza, ya ufa woyera wogula m'shopu ya amwenye, ndi nyama ya nkhosa ndi repu wa kudimba lawo la kuseri. Ndadya mopanda manyazi.

Pakudya ndawafotokozera nkhani yonse, ndipo tatsutsana. Achimwene, omwe ntchito yawo ndi yokonza makina, akuti wolakwa wamkulu ndi amene anaika mapampu kumbuyo kokha. Sitima yakale iliyonse imadontha, nkhani ndi yakuti madziwo uwatulutsa bwanji. Alamu akuti ayi, wolakwa ndi amene anaona sitima yakhuta kale n'kunena kuti kwezani mtovu. Afunsanso funso lomwe ine sindinaliganize: amuna a m'zilumba aja anali m'misasa kumpoto kudikira sitima yobweretsa chakudya ndi yodzawabweza kwawo, nanga itamira anatani? Pamenepo tonse tinangoyang'ana m'mbale.

Port Gregory nayo sinapite patali. Mu 1879 boma linatsegula njanji yake yoyamba kuno, kuchokera ku Geraldton kupita ku Northampton, ndipo miyala ya m'migodi inayamba kutsikira ku Geraldton. Koma Broadhurst sanagwe mpaka kalekale. Anayesa ngale ku Shark Bay, anayesa kuika nsomba m'zitini ku Mandurah, mpaka anadzapeza ndalama pokumba zitosi za mbalame pa zilumba za Abrolhos, zomwe zili kunyanja kuno moyang'anana ndi Geraldton, n'kumagulitsa ngati feteleza. Achimwene aseka mpaka kutsamwa, ati munthu walephera ngale, walephera sitima, wadzalemera ndi manyi a mbalame.

Akuti kuli timandege tonyamula alendo kukaona zilumbazo. Ndafunsa mtengo, ndayamika, ndatseka foni. Basi yobwerera ku Perth ndi mawa m'mawa, ndipo alamu andilongedzera kale nyama yotsala m'kontena yomwe akuti ndidzabweze ndikadzabweranso pa Khirisimasi.